Kupatsa n'kuika: nanga thupi likakana mphatso, wolakwa ndani?

Akale anati kupatsa n'kuika. Ankanena za mbale ya ufa imene mwapereka kwa mnansi chaka cha njala, kapena usipa umene mwagawira mayi wamasiye bwato litakocheza m'mamawa. Chimene mwapereka sichinatayike, mwangochisungitsa kwa mnzanu. Masiku ano mwambiwu wapeza tanthauzo limene akalewo sanalilotepo. Pali anthu amene amakagona pa tebulo la opaleshoni ali bwinobwino, madokotala n'kuchotsa imodzi mwa impso zawo ziwiri, n'kukaiika m'thupi la m'bale amene impso zake zinaleka kugwira ntchito. Apa kupatsa ndi kuika kwenikweni.

Koma mphatso imeneyi ili ndi khalidwe limene ufa ndi usipa zilibe. Ikhoza kukanidwa pamene wolandirayo akuifunitsitsa ndi mtima wake wonse, chifukwa thupi lake lili ndi nzeru zakezake zimene sizimvera mtima. Funso limene tikufuna kulingalira ndi ili: thupi likakana impso imene munthu wapatsidwa mwachikondi, kodi pali wolakwa? Ndipo ngati alipo, kodi ndi ndani?

Tiyerekeze banja la kuno kunyanja. Mayi wa ana anayi wadwala kuthamanga kwa magazi zaka zambiri, mpaka impso zake zafooka. Moyo wake tsopano wadalira makina osefa magazi, ndipo banja lonse lasamukira kufupi ndi chipatala chachikulu ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Mwamuna wake akuti, "Mayi, ine ndili nazo ziwiri, imodzi itengeni." Gulu la magazi awo likugwirizana, abale asonkha ndalama, ulendo wa ku India wakonzeka, monga achitira Amalawi ambiri ofuna thandizo lotere. Kenako dokotala akubwera ndi zotsatira za kuyeza kwina n'kunena kuti sizitheka, magazi a mayi akulimbana ndi maselo a bambo. Nkhani ikafika kumudzi sipalephera wina wonong'ona kuti, "Mwaonatu achimwene, ngakhale magazi ake sakukufunani." Tisanayankhe wonong'onayo, timve kaye chimene chachitika m'magazimo.

Selo lililonse la thupi, kupatula ochepa, limanyamula zizindikiro zimene madokotala amazitcha HLA. Zili ngati mphini zimene mlonda wapachipata amazindikirira nazo mwana wapakhomo. Munthu amatenga theka la zizindikirozi kwa bambo ake ndi theka kwa mayi ake, kotero kuti ana awiri a mimba imodzi amakhala ndi mwayi umodzi mwa inayi wofanana kotheratu. Chitetezo cha m'thupi chikaona selo la zizindikiro zachilendo chimalitenga ngati mdani. N'chifukwa chake opaleshoni yoyamba yoika impso imene inayenda bwino inachitika pakati pa mapasa ofanana. Pa 23 Disembala 1954, ku Boston, dokotala Joseph Murray ndi anzake anachotsa impso kwa Ronald Herrick n'kuiika mwa m'bale wake Richard. Thupi la Richard silinaone mlendo ayi, linaona mwana wapakhomo.

Kwa ife tonse amene tilibe mapasa otere, impso yopatsidwa imakhala mlendo mpaka kalekale. Chitetezo chimalimbana nayo m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya maselo ankhondo amene amalowa mu impsomo okha, ndipo mankhwala amakono amaigonjetsa kawirikawiri. Njira yachiwiri, imene ndiyo nkhani yathu, ndi ya ma antibody, tizida timene thupi limasula n'kutiponya m'magazi. Chida chilichonse chimasulidwa kuti chigwire chizindikiro chimodzi chokha. Ma antibody akafika mu impso yachilendo amakakamira pa makoma a m'kati a timitsempha ting'onoting'ono, n'kuitana zida zina za m'magazi kuti zibwere kudzawononga. Akakhala ambiri pa tsiku la opaleshoni, magazi amaundana m'mitsempha, impso n'kuda madokotala akuona, isanathe ngakhale tsiku limodzi.

Kodi thupi limasula liti zida zolimbana ndi munthu amene silinalandirepo impso yake? Njira zodziwika ndi zitatu: kuthiridwa magazi a munthu wina, kupatsidwapo chiwalo kale, ndi kutenga pakati. Njira yachitatuyi ndiyo imayankha wonong'ona uja. Mwana ali m'mimba amanyamula theka la zizindikiro za bambo ake, ndipo thupi la mayi limakumana nazo pa nthawi ya pakati ndi pobereka. Mwa amayi ena chitetezo chimazisunga mumtima. Zimenezi zinadziwika mu 1958, pamene Jon van Rood ku Netherlands ndi Rose Payne ku America, aliyense payekha, anapeza ma antibody otere m'magazi a amayi amene anabereka kangapo. Choncho mayi wathu uja magazi ake akudziwa mwamuna wake chifukwa anamuberekera ana anayi. Chimene wonong'ona akuchitcha chidani ndi chipsera cha uchembere. Pa chifukwa chomwechonso impso ya mwana wake wobereka yekha ikhoza kukanidwa, pamene ya munthu wadera ikhoza kulandiridwa.

Pali chinthu china chowawa pamenepa. M'mayiko ambiri amayi ndiwo amachuluka pakati pa anthu opereka impso ali moyo, pamene abambo ndiwo amachuluka pakati pa olandira. Mkazi amapatsa mwamuna wake impso popanda chopinga chotere, pakuti mwamuna sanasenzepo maselo a mkazi wake m'mimba. Koma tsiku limene mkaziyo afuna kubwezeredwa, uchembere wake womwewo umamutsekera khomo. Ngati pakhomo pathu pagwa zotere, mawu oyenera kwa mayiyo ndi achifundo. Kumunena kuti ali ndi mtima woipa, kapena kuthamangira kwa oombeza kukafunsa amene walodza impso, ndi kumuonjezera katundu munthu amene wasenza kale wokwanira.

Dokotala amene wakana kuchita opaleshoniyo nayenso sanalakwe. Mu 1969, ku Los Angeles, Ramon Patel ndi Paul Terasaki anafalitsa zotsatira za kuyeza kosavuta kumva: kusakaniza madzi a m'magazi a wodwala ndi maselo a wopereka, n'kuona ngati maselowo afa. Mwa impso 30 zimene zinaikidwa pamene kuyezaku kunaonetsa mkangano, 24 zinalephera nthawi yomweyo. Mwa impso 195 zimene zinaikidwa popanda mkangano, zinalephera motere ndi 8 zokha. Kuyambira pamenepo kuyeza kumeneku, kotchedwa crossmatch, kunasanduka lamulo la opaleshoni iliyonse yoika impso. Ma ulama athu nawonso anafika pa mfundo yofanana kudzera njira yawo. Bwalo la fiqh la Muslim World League, litakumana ku Makkah mu 1985, linaloleza munthu wamoyo kupereka chiwalo pofuna kupulumutsa mnzake, koma linaika malire: woperekayo asaonongeke moyo wake wa tsiku ndi tsiku, apereke mosakakamizidwa, pasakhale njira ina yochizira, ndipo pakhale chiyembekezo champhamvu chakuti opaleshoni iyenda bwino. Alipo ma ulama ena amene saloleza n'komwe, ndipo maganizo awo ngolemekezeka. Koma ngakhale kwa ololezawo, kudula munthu wamoyo kuti impso yake ikafere pa tebulo si sadaka. Chikondi cha bambo uja n'choona, koma pachokha sichikwaniritsa malire achinayiwo.

Khomo limodzi likatsekeka ena amatseguka. Madokotala anapeza njira yosinthana: mabanja awiri amene aliyense wopereka wake sakugwirizana ndi wodwala wake amapatsana mopingasa, bambo uyu n'kupereka kwa mkazi wa uyo, m'bale wa uyo n'kupereka kwa mkazi wa uyu. Dziko la South Korea linayamba kuchita zimenezi mu 1991, ndipo lero zimachitika m'mayiko ambiri kuphatikizapo India. Bambo uja akhoza kupulumutsa mkazi wake popereka impso kwa munthu amene sanamuonepo. Kupatsa n'kuika ndithu.

Kufikira pano tanena za kukana kumene kulibe wolakwa. Koma pali kukana kwachiwiri, ndipo kumeneku ndiko kumatifunsa mafunso ovuta. Munthu akhoza kulandira impso magazi ake alibe chida chilichonse cholimbana nayo, opaleshoni n'kuyenda bwino, iye n'kubwerera kumudzi wonenepa ndi wamphamvu. Patapita zaka ziwiri, zisanu kapena khumi, thupi n'kuyamba kusula ma antibody atsopano. Amenewa sagwetsa nyumba usiku umodzi. Amadya ngati chiswe m'kati mwa mzati, kunja kukuoneka kosalala. Timitsempha tosefa magazi timatupa, makoma ake amakhuthala n'kuchita zipsera, koma mwini thupi samva kupweteka kulikonse. Impso ili ndi mphamvu zapadera zobisira kufooka kwake, kotero kuti miyendo ikamayamba kutupa ndi mkodzo kuchita thovu, zambiri zimakhala zitaonongeka kale.

N'chifukwa chake munthu wopatsidwa impso amayezedwa ali bwino. Dokotala amayang'ana creatinine, chinyalala cha m'magazi chimene impso yabwino imataya, ndipo chikamakwera pang'onopang'ono amadziwa kuti sefa ikutsekeka. Amayang'ana ngati mkodzo ukutaya mapuloteni. Amayeza kuchuluka kwa mankhwala m'magazi. Kumene zipangizo zilipo, amasaka ma antibody olunjika pa zizindikiro za woperekayo, ndipo ena amayezanso tizidutswa ta DNA ya wopereka timene impso yovulala imataya m'magazi. Koma umboni womaliza umachokera mu impso momwemo. Ndi singano yaitali amatapa kanyama kochepa ngati ulusi n'kukaunika pa makina okuza zinthu. Kuti madokotala a dziko lonse aziwerenga kanyamako mofanana, akatswiri anakumana m'tauni ya Banff ku Canada mu 1991 n'kugwirizana pa muyeso umodzi, umene amaukonzanso pakapita zaka zingapo. M'zaka zomwezo Helmut Feucht ku Munich anaonetsa kuti ma antibody akamenya nkhondo amasiya phazi pa makoma a timitsempha, kachidutswa kotchedwa C4d. Pambuyo pake zinadziwika kuti nkhondoyo ikhoza kuchitika osasiya phazi limeneli, ndipo mu 2013 muyeso wa Banff unavomereza zimenezi.

Matendawa akapezeka msanga, makamaka m'masabata kapena miyezi yoyamba, thandizo lilipo. Wodwala amalumikizidwa ku makina amene amachotsa plasma, madzi a m'magazi amene amanyamula ma antibody, n'kuikamo ena. Amapatsidwa mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa, komanso IVIG, amene ndi ma antibody abwino osonkhanitsidwa kuchokera m'magazi a anthu zikwizikwi. Talingalirani, mphatso ya munthu mmodzi imatetezedwa ndi mphatso za khamu la anthu osadziwika. Komabe kuchotsa plasma kuli ngati kukapa madzi m'bwato lobooka, pakuti maselo osula zidazo amabisala m'mafuta a m'mafupa, ndipo amakhala moyo zaka zambiri akusulabe. Matenda akakhalitsa, mankhwala amene alipo amathandiza mochepa. Kafukufuku wa ku Vienna amene anafalitsidwa mu 2018 anapeza kuti bortezomib, amene ambiri ankamudalira, sanachepetse kufooka kwa impso. Mu 2024 mankhwala atsopano otchedwa felzartamab anaonetsa chiyembekezo pa kafukufuku wa anthu 22 okha, ndipo mwa ena matenda anabwereranso atasiya kulandira. Chipsera chikapangika mu impso palibe mankhwala ochifufuta.

Nanga n'chiyani chimadzutsa chitetezo chimene chinali chigonere? Zifukwa zilipo zingapo, ndipo zina munthu sangazipewe: kusiyana kwambiri kwa zizindikiro, kapena dokotala kukakamizika kuchepetsa mankhwala chifukwa cha matenda ena. Koma chifukwa chimodzi chachikulu ndi kudumphitsa mankhwala. Mankhwala monga tacrolimus ndi mycophenolate ndiwo amagoneka mlonda uja, ndipo ambiri amamwedwa kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12, moyo wonse. Akachepa m'magazi mlonda amatsegula diso, n'kuona mlendo, n'kumusunga mumtima. Mu 2012 gulu la Philip Halloran ku Edmonton, Canada, litatsatira odwala amene impso zawo zinaunikidwa, linapeza kuti impso zambiri zimene zinalephera zinagwa ndi kukanidwa, makamaka kwa ma antibody, ndipo pafupifupi theka la odwala amene anataya impso motere sankamwa mankhwala mokhulupirika.

Apa ndipo mawu akuti amana akulowa. Timaphunzitsidwa kuti thupi si lathu, tinangosungitsidwa ndi Mwini wake. Wopatsidwa impso wasungitsidwa kawiri, ndi Allah komanso ndi m'bale amene anadulidwa chifukwa cha iye. Kuyamika kwake sikuthera pa misozi ya tsiku lotuluka m'chipatala kapena pa sadaka ya mpunga imene banja linaphika atabwerako. Kumaonekera pa mbulu wa mankhwala umene amameza m'mawa ndi madzulo chaka chachisanu ndi chiwiri, pamene sakumva kudwala ndipo aliyense anaiwala kuti anadwalapo. Ife amene timadziwa kuti Swala ili ndi nthawi yake, ndipo siidikira kuti mtima ufune, sitiyenera kuvutika kumva chiphunzitso chimenechi. Wonena kuti "ndayedzamira kwa Allah" uku akusiya mankhwala wasokoneza tawakkul ndi ulesi. Msodzi amasoka ukonde wake, amayang'ana mwera, kenako ndiye amatchula dzina la Allah n'kupalasa.

Wina adzatsutsa, ndipo kutsutsa kwake n'komveka. Adzati, n'kosavuta kulalikira amana kwa munthu amene mankhwala ake akuthera pakati pa mwezi, amene chipatala choyeza magazi ake chili ulendo wa tsiku lathunthu, amene akusankha pakati pa tacrolimus ndi fizi ya mwana. Kodi woteroyo akadumphitsa mankhwala n'kutaya impso, tidzamutcha wosakhulupirika? Yankho ndi lakuti ayi, ndipo kutsutsaku kukutionetsa pamene amana yeniyeni yagona. Mutu umodzi susenza denga. Timafulumira kusonkha ndalama za ndege ndi opaleshoni chifukwa zimenezo zimaoneka, zimalengezedwa ku mzikiti, ndipo zili ndi tsiku lothera. Mankhwala a mwezi ndi mwezi alibe wolengeza. Banja ndi jamaa amene anatumiza munthu kukalandira impso analowa nawo m'pangano, ndipo panganolo silinathe tsiku limene anakamuchingamira ku bwalo la ndege. Funso lakuti mankhwala a zaka khumi adzachokera kuti liyenera kufunsidwa impso isanachotsedwe mwa mwini wake.

Pali zinthu zina zimene pakhomo ponse payenera kudziwa. Mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa rifampicin amachepetsa kwambiri tacrolimus m'magazi, choncho wopatsidwa impso akapezeka ndi TB, dokotala wa impso adziwitsidwe mankhwala asanayambidwe. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene timagula pa golosale osaganiza kawiri, amavulaza impso. Mankhwala azitsamba, ngakhale operekedwa ndi agogo mwachikondi, akhoza kusokoneza muyeso wa mankhwala a kuchipatala. Kutsegula m'mimba kwa masiku angapo si nkhani yodikira, chifukwa kumaumitsa thupi ndi kusintha mphamvu ya tacrolimus. Ndipo mwezi wa Ramadan ukafika, kusala kwathu kumapitirira maola 12 kuchokera pa dakwi kufika pa kufutulu, kotero kuti nthawi ya mankhwala imasuntha ndipo thupi limakhala lopanda madzi. Madokotala ambiri amalangiza kusasala chaka choyamba, ndipo pambuyo pake ena amene impso yawo yakhazikika amaloledwa atapimidwa ndi kukonzeredwa ndondomeko. Shariya inapereka kale chilolezo kwa wodwala. Kukana chilolezo chimenecho poopa maso a anthu, n'kuika pachiswe chiwalo cha m'bale wako, si kuopa Allah. Nafenso tisamufunse munthu wotere chifukwa chimene akumwera madzi masana.

Chopinga china ndi manyazi. Wolandira impso akaona kuti zotsatira zayamba kuipa, nthawi zina amabisa, chifukwa saona poyambira kuuza mchemwali wake kuti impso imene anapereka ikufooka. Amazemba tsiku lokayezedwa monga wangongole amazembera njira yodutsa pa sitolo. Koma taona kuti matendawa amachizika akapezeka msanga ndipo amakanika akachedwa, choncho mwezi uliwonse wa manyazi umalipidwa ndi nyama ya impso. Apa wopereka ali ndi gawo lake. Amene anapereka aleke kuwerengera. Asamakumbutse pa maliro ndi pa ukwati kuti "muli ndi moyo chifukwa cha ine," pakuti chipembedzo chathu chimatichenjeza kuti kukumbutsa ndi kunyoza kumafufuta malipiro a chopereka. Mawu amene angapulumutse impsoyo ndi akuti, "Achemwali, chilichonse chimene adokotala anene mundiuze, tipitira limodzi."

Nanga impso ikalephera ndithu, pambuyo pa kuyesetsa konse, kodi mphatsoyo yapita pachabe? Richard Herrick anakhala zaka zisanu ndi zitatu ndi impso ya m'bale wake. M'zaka zimenezo anakwatira namwino amene ankamusamalira m'chipatala, nabereka ana awiri. Anamwalira mu 1963. Ronald, amene anatsala ndi impso imodzi, anakhala moyo mpaka 2010. Palibe amene anganene kuti zaka zisanu ndi zitatuzo zinali zopanda pake chifukwa chakuti zinatha. Impso iliyonse, yobadwa nayo kapena yopatsidwa, ili ndi tsiku lake lomaliza. Wopereka anaika chuma chake kwa Amene sataya kanthu, ndipo malipiro ake sadalira ma antibody a munthu wina.

Tibwerere ku funso lathu. Thupi likakana chifukwa cha zimene linakumana nazo pa uchembere kapena pothiridwa magazi, palibe wolakwa, ndipo woloza chala ndiye walakwa. Likakana chifukwa mankhwala anasowa kapena kuyezedwa kunalekeka, mlandu ulipo, koma kawirikawiri si wa munthu mmodzi. Ndi wa tonse amene tinaimba nthungululu tsiku lobwera n'kuiwala kufunsa miyezi yotsatira. Ngati m'mudzi mwanu kapena mu mzikiti mwanu muli munthu amene anapatsidwa impso, mukakumana naye Lachisanu likudzali musangomuuza kuti akuoneka bwino. Mufunseni ngati mankhwala a mwezi uno alipo, ndi tsiku limene anayezetsa magazi komaliza. Allah achize odwala athu, awalipire amene anapereka, ndipo atipatse ife kukhulupirika pa zimene tinasungitsidwa.